Mphwanga, ma migration a app ija upange ndiwe

Eee mphwanga, uthenga wako wofunsa kuti ma migration a app yathu apange ndani, ife kapena oiika, ndaumva. Ma migration ndi mafayilo aja ouza database momwe matebulo apangidwire kapena asinthidwire. Ndikuyankha ndi mawu chifukwa kulemba zonsezi zala zingatope.

App yathu ija ya Django, chida cha Python chopangira mawebusayiti, anthu aziiika m'ma project awo ndi pip, pulogalamu yoikira ma package a Python. Ndiye ma migration upange ndiwe, apite limodzi ndi package. Iwowo ntchito yawo ndi migrate basi, lamulo loyendetsa ma migration pa database.

Ukudandaula kuti app payokha ilibe manage.py, fayilo yoyendetsera malamulo a Django. Panga ka project koyesererapo, ka settings kamodzi ka SQLite, app yathu uilembe mu INSTALLED_APPS. Kenako makemigrations, lamulo lopanga ma migration, n'kutchula dzina la app. Dzinalo usalisiye, chifukwa foda ya migrations ikakhala palibe, Django ingokuuza kuti palibe chasintha, iwe n'kumayesa zatheka.

Koma usanatero, tsegula apps.py ulembemo default_auto_field, yonena mtundu wa id, nambala ya mzere uliwonse m'tebulo. Apa mvetsetsa. Kuyambira Django 3.2, ya 2021, mwini project amasankha yekha mtundu wa id. Ukapanda kulemba wako, app imatengera wake. Ine zinandionekera. Mkulu wina anaika app yanga, settings yake ili pa BigAutoField, atalemba makemigrations migration yachiwiri, 0002, inakabadwira mu site-packages, foda imene pip imaikamo ma package, mkati mwenimweni mwa virtualenv, komwe git, yosunga mbiri ya code, sikufika. Ine osadziwa ndinatulutsa 0002 yanganso. Ziwirizo zitakumana, migrate inakana kuyenda, foni yanga osapuma usiku wonse.

Model ikamaloza kwa user, lemba settings.AUTH_USER_MODEL, chifukwa ambiri ali ndi user wawowawo.

Ukamanga wheel, fayilo ya package imene pip imaika, itsegule, ndi zip wamba imeneyo. Uone ndi maso ako kuti 0001_initial.py ilimo, ndi __init__.py wa m'foda ya migrations. Ameneyo akasowa, foda yonse imatha kutsalira.

Chinanso, migration imene yatuluka kale usaikhudzenso, ngakhale mwalakwika chilembo chimodzi. Django imalemba mu tebulo la django_migrations dzina la migration iliyonse imene yayenda, ndipo siibwerezanso. Ukasintha zam'katimo, ma database a anthu akale ndi a anthu atsopano asiyana mwakachetechete. Ingopanga ina pamwamba pake.

Mu README uwauze asunge kaye backup, makamaka a MySQL. PostgreSQL migration ikafera panjira imabweza zonse, MySQL imakusiya pomwepo, tebulo litasintha theka. Amantha ayambe ndi sqlmigrate, aone SQL yake isanayende.

Ukamaliza yesa makemigrations --check kuti uone ngati palibe migration yotsala, ikadutsa bwino undiimbire tiikweze.