Usenet: bwalo la pa intaneti lopanda mwini wake

Moni nonse kumene mukuonera uko. Lero tikambe za chinthu chimene chinabadwa kale Facebook, WhatsApp ngakhale mawebusaiti asanaganiziridwe n'komwe, koma mpaka pano chikadapumabe. Dzina lake ndi Usenet, ndipo magulu ake okambiranamo amatchedwa ma newsgroup.

Zinayambira ku North Carolina, m'dziko la America, mu 1979. Ophunzira awiri a pa Duke University, Tom Truscott ndi Jim Ellis, ankafuna kuti makompyuta a pasukulu pawo azipatsirana mauthenga ndi a pa yunivesite yoyandikana nayo, ku Chapel Hill. Mnzawo wa kumeneko, Steve Bellovin, ndiye analemba pulogalamu yoyamba, ndipo pofika 1980 zinthu zinali zitayamba kuyenda. Kompyuta inkaimbira inzake kudzera pa foni ya waya, makamaka usiku mitengo ikatsika, n'kukopera mauthenga amene inalibe.

Apa ndimvetseni bwino, chifukwa pagona nkhani yonse ndi pomwepa. Mukudziwa mmene uthenga wa maliro umayendera kumudzi. Mfumu yatuma mnyamata ku mudzi wa kutsidya, a kutsidyako nawo atuma wawo, dzuwa lisanalowe dera lonse lamva. Usenet imayenda chomwecho. Mukalemba uthenga, umafika pa seva (kompyuta yosunga ndi kupereka mauthenga) imene inu mumagwiritsa ntchito. Sevayo imaupereka kwa anzake, anzakewo kwa anzawo, ndipo seva iliyonse imasunga kope lake. Pa Facebook zonse zimakhala m'nkhokwe imodzi, kiyi ali ndi kampani. Kuno nkhokwe ndi zambirimbiri, eni ake osiyanasiyana, m'maiko osiyanasiyana. Imodzi ikatsekedwa, zina zija zimapitiriza. Ngakhale Duke yeniyeniyo inazimitsa seva yake mu 2010, koma bwalo silinabalalike.

Ubwino womwewu uli ndi minga yake. Zimene mwalemba mutapsa mtima simungazifufute, popeza zakopedwa kale m'malo amene inu simukuwadziwa. Njira yopempha kuti uthenga uchotsedwe ilipo, koma maseva ambiri saimvera, chifukwa anthu ena ankaigwiritsa ntchito pofufuta mauthenga a anzawo.

Taonani pa sikirini pano mmene maina a magulu amalembedwera: comp.os.minix. Amawerengedwa ngati keyala, kuyambira pachikulu kutsikira pachaching'ono. Comp ndi za makompyuta, sci za sayansi, rec za masewera ndi zosangalatsa, soc za chikhalidwe cha anthu, talk za mikangano ya ndale ndi zipembedzo. Ndiye pali alt, imene inayamba mu 1987, anthu ena atatopa ndi malamulo otsegulira gulu latsopano. Kumeneko aliyense amatsegula gulu lake.

Gulu la comp.os.minix ndakuonetsani lija si lamasewera ayi. Pa 25 Ogasiti 1991, mnyamata wa zaka 21 wa ku Helsinki, Linus Torvalds, analembamo kuti akupanga pulogalamu yoyendetsa kompyuta, yongosangalatsa mtima wake, imene sidzakhala yaikulu. Imeneyo ndiyo Linux, ndipo ngati mukundionera pa foni ya Android, mtima wa foni yanuyo ndi Linux yomweyo. Pafupifupi masabata atatu izi zisanachitike, pa 6 Ogasiti, Tim Berners-Lee anali atalengeza za World Wide Web, njira imene mawebusaiti amayendera, mu alt.hypertext. Ine zimandikhudza ndikamawerenga mauthenga awiriwa, chifukwa analembedwa mwa wamba, ngati munthu akufunsa anzake maganizo.

Tsopano za mafayilo, zimene ndikudziwa kuti ambiri mwabwerera. Usenet inapangidwira zilembo zokha. Anthu anapeza nzeru yosandutsa chithunzi kapena nyimbo kukhala zilembo zopanda tanthauzo kwa munthu, poyamba ndi uuencode, kenako yEnc imene inabwera mu 2001. Koma uthenga umodzi uli ndi malire a kukula kwake, choncho fayilo yaikulu imaduliridwa m'tizidutswa mazanamazana, mwinanso masauzande. Zili ngati kusamutsa nyumba njerwa imodziimodzi, iliyonse italembedwa nambala. Kafayilo kotchedwa NZB ndiye ndandanda wa njerwazo. Mumakapatsa pulogalamu ngati SABnzbd kapena NZBGet, iyo n'kukatolera zonse pa seva n'kumanganso nyumba ija. Njerwa zina zikasowa panjira, mafayilo a PAR2 amaumba zolowa m'malo mwake pogwiritsa ntchito masamu. Kusiyana kwake ndi torrent, njira imene anthu amagawanirana mafayilo okhaokha pa intaneti, n'kwakuti simutenga kwa anthu anzanu, ndipo simugawira wina aliyense pamene mukutsitsa. Ndi inu ndi seva basi.

Mbali imeneyi ndi yolipira. Makampani monga Giganews, Newshosting ndi Eweka amalipiritsa pamwezi, ndipo amapikisana pa chimene amachitcha retention, kutanthauza kuti fayilo amaisunga masiku angati. Ena amapitirira masiku 5,000, zaka zoposa 13.

Ndinene mosapsatira. Zambiri zimene zili m'magulu a alt.binaries, amene ndi magulu oikamo mafayilo, ndi mafilimu, nyimbo ndi mapulogalamu a eni ake, zoikidwa popanda chilolezo. Webusaiti ya Newzbin, imene inayambitsa NZB, inaluza mlandu ku High Court ya ku London mu 2010 itasumiridwa ndi makampani a mafilimu, ndipo mu 2011 khoti linalamula BT, kampani yopereka intaneti ku Britain, kuti iwatsekere makasitomala ake njira yopitira kumeneko. Palinso mavayirasi. Chikamatchedwa filimu koma dzina lake likuthera ndi .exe, musachitsegule. Onjezaniponso malipiro a madola ndi bandulo imene fayilo imodzi ikhoza kumeza yonse. Kwa ife owerengera megabayiti iliyonse, ine sindikuona phindu lake.

Kumene ndimakukokerani ndi kokambirana kuja. Ndi zilembo zokhazokha, sizidya data, palibe vidiyo yodziyatsa yokha, palibenso makina osankhira inu zoti muone. Sindikunamizani, magulu ambiri anasanduka mabwinja odzaza ndi malonda achinyengo, vuto limene linakula mu Epulo 1994 pamene maloya awiri a ku Arizona anamwaza malonda awo m'magulu oposa 5,000. Koma m'magulu ena a comp ndi sci mukadali akuluakulu oyankha funso mozama.

Kale ambiri ankalowera pa Google Groups, koma Google inasiya kulandira mauthenga atsopano a Usenet pa 22 Febuluwale 2024. Akale aja mukhoza kuwawerengabe. Lero chitani chonchi: ikani pulogalamu ya imelo yotchedwa Thunderbird pa kompyuta, ndi yaulere. Lembetsani pa seva yaulere ya zilembo zokha, monga Eternal September, akupatsani dzina ndi pasiwedi. Mu Thunderbird tsegulani akaunti ya newsgroup, lembani keyala ya seva, ndipo pa za chitetezo sankhani SSL/TLS ndi port 563 kuti zimene mukutumiza zikhale zobisika panjira. Imelo yanu ya tsiku ndi tsiku musaikepo, amaitola otumiza zinyalala.

Mukalowa m'gulu, khalani kaye chete masiku angapo ngati mlendo, muwerenge mafunso ofunsidwa kawirikawiri, amene amawatcha FAQ. Uthenga woyamba woyesera mukauponye mu alt.test, kumene palibe amene angakudzudzuleni, kenako mudikire mphindi zingapo muuone ukutulukira pa sikirini yanu.