Ngozi ya ndege ya ku Chikangawa: chifunga, mapiri ndi chisankho cha oyendetsa

Moni owonera athu nonse, tikukulankhulani kuchokera kuno ku Lilongwe. Pa 10 June 2024, nthawi itangopitirira 9 koloko m'mawa, ndege ya asilikali a Malawi Defence Force ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka pa bwalo la Kamuzu International Airport kulowera ku Mzuzu, ulendo umene umatenga mphindi pafupifupi 45. Inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena 8, ndipo ankapita ku Nkhata Bay kumaliro a Ralph Kasambara, yemwe adakhalapo nduna ya zachilungamo. Ndegeyi inapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa, kudera la Nthungwa, onse 9 atamwalira.

Bungwe la ku Germany lofufuza ngozi za ndege la BFU linatulutsa lipoti lake lomaliza mu 2025, ndipo komiti yofufuza ngoziyi imene ankaitsogolera Justice Jabbar Alide inali itatulutsa lake mu December 2024. Malipoti onse awiri analoza nyengo yoipa ndi zochita za anthu. Ambiri akamva zimenezi amaona ngati akupatsidwa zifukwa ziwiri zosiyana kuti asankhepo chimodzi, pamene kwenikweni ziwirizi n'zolumikizana.

Pali njira ziwiri zoyendetsera ndege. Yoyamba, imene oyendetsa ndege amaitcha VFR, imadalira maso: woyendetsa amayang'ana mapiri, misewu ndi mitsinje, ndipo lamulo lake ndi lakuti asalowe mumtambo. Yachiwiri, ya IFR, imadalira zida za m'ndege, ndipo woyendetsa amakhala pamwamba potetezeka, kutali ndi nsonga za mapiri, ngakhale kunja kusakuoneka chilichonse. Vuto limabwera pamene ulendo wodalira maso wakumana ndi mitambo yotsika, chifukwa woyendetsa amayamba kutsika pang'onopang'ono kuti apitirize kuona pansi, pomwe nthaka kutsogolo kwake ikukwera.

Kuchoka ku Lilongwe kudutsa Kasungu dziko ndi lachidikha, koma mukayandikira Mzimba mumakumana ndi mapiri a Viphya, amene m'malo ambiri amapitirira mamita 1,500. Aliyense amene adayendapo pa msewu wa M1 ku Chikangawa m'mwezi wa June akudziwa mmene kumakhalira: mphepo ya mwera ikamaomba, chifunga chimagwira mitengo ya paini, mvula yamawawa imanyowetsa galasi, ndipo madalaivala amayatsa magetsi masana, nkumayenda pang'onopang'ono. Woyendetsa ndege alibe mwayi wochepetsa liwiro chotero kapena woima m'mbali mwa msewu. Ndege yothamanga makilomita 300 pa ola imadutsa mamita oposa 80 pa sekondi imodzi, pafupifupi kutalika kwa bwalo la mpira la Bingu National Stadium, kotero phiri likatulukira m'chifunga nthawi yolizemba imakhala itatha kale.

Ofufuza a BFU anatsata ulendowu pogwiritsa ntchito kachipangizo ka GPS kamene kanapezeka pamalo a ngozi. Kanasonyeza kuti ndegeyi inakhotakhota, inakwera ndi kutsika, mpaka inagunda malo okwera cha m'ma 10:16. Iwo anapeza kuti oyendetsa anapitiriza ulendo ali pafupi ndi nthaka m'nyengo yosaoneka bwino, kuti sanazindikire mokwanira pamene anali poyerekeza ndi mapiri, komanso kuti kukonzekera ulendo kunali kosakwanira. Ngozi ya mtundu uwu ndi yodziwika padziko lonse: ndege ikuuluka, ili m'manja mwa woyendetsa, koma ikulunjika phiri limene iye sakuliona.

M'maganizo mwathu, mawu akuti kulakwitsa kwa woyendetsa amafunika kuwagwiritsa ntchito mosamala, pakuti amene akunenedwawo anataya miyoyo yawo ndipo sangadziyankhire. Ofufuza ngozi za ndege amadziwa kuti munthu akayandikira kumene akupita, kubwerera kumamulemera, makamaka ngati wanyamula akuluakulu ndipo mwambo ukudikira. Komabe palibe amene angatsimikize zimene zinakambidwa m'chipinda cha oyendetsa tsiku limenelo, chifukwa ndegeyi inalibe makina ojambula mawu kapena osunga mbiri ya kayendedwe kake, aja ambiri amawatcha black box.

Apa m'pamene nkhani imachoka kwa oyendetsa n'kufika kwa eni ndege. Chipangizo cha ELT, chimene chimatumiza chizindikiro ndege ikagwa kuti opulumutsa adziwe kolowera, chinali ndi batire limene nthawi yake inatha mu 2004, zaka 20 ngoziyi isanachitike. Asilikali, apolisi ndi anthu a m'midzi yozungulira anafufuza m'nkhalango yachifunga popanda chizindikirocho, ndipo anaipeza ndegeyo tsiku lotsatira. Batire latsopano silikanaletsa ndege kugunda phiri, koma limasonyeza mmene zida zotetezera zinkasamalidwira, ndipo funso limeneli n'lofunika kulifunsa pa ndege iliyonse yaing'ono imene ikunyamuka pa Kamuzu International Airport kulowera kumpoto m'miyezi yozizira.