Musaikepo chikuni chanu

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye? Musanayambe ntchito za lero ndikupempheni chinthu chimodzi: nkhani ya munthu wina ikakupezani, musaikepo chikuni chanu.

Miyambo 26:20 tonse timaidziwa, kuti posowa nkhuni moto umazima, ndipo popanda kazitape mikangano imatha. Tikamva vesi limeneli timathamangira kuloza woyatsa, uja amayamba ndi "mwamva koma?" Komatu kamtengo ka machesi sikachedwa kuzima. Moto wa miseche umafika patali chifukwa cha osonkhezera. Wina amabwera ndi "aaa, zoona?" Wina ndi "inetu ndinkamuona kale ameneyu." Wina salankhula n'komwe, amangomwetulira n'kusendera pafupi kuti awothe nawo. Wina amangodina batani pa WhatsApp, uthenga n'kupita kwa anthu amene mwini nkhaniyo sadzawapeza kuti awafotokozere. Onsewa akafunsidwa amati, "Si ine ndinayambitsa." Inde, si inu. Koma chikuni chija chinali cha yani?

Sabata ino yandilemera, abale anga. Mawu amene sindinawalankhule anayenda m'dzina langa, ndipo pondifika anali atadutsa kale pakamwa pa anthu ambiri. Woyambitsayo sanandipweteke kwenikweni. Chandibaya mumtima n'chakuti anthu amene timagwada nawo limodzi popemphera anamva, anawotha, ndipo panalibe woti, "Dikirani, timufunse kaye mwini wake." Usiku tulo sitinkabwera, mtima uli kalikiliki kukonza mayankho. Ndipo dziwani kuti palibe amene ali ndi nkhuni zouma kuposa munthu wolakwiridwa. Za amene anandinenawo ndikudziwapo zinthu, zoona zenizeni, zoti nditaziponya pamotopo lawi lake lingaoneke patali. Mtolo umenewo ndikadali nawo, ndipo m'mawa uliwonse ndikupempha Ambuye kuti andigwire dzanja ndisaumasule.

Msampha waukulu wagona pa mawu akuti "komatu n'zoona." Doegi wa ku Edomu uja, pa 1 Samueli 22, anauza mfumu Sauli zimene anaona ndi maso ake ku Nobu: wansembe Ahimeleki anapatsa Davide chakudya ndi lupanga la Goliati. Zimenezo zinachitikadi. Koma Ahimeleki sankadziwa kuti Davide akuthawa mfumu, ndipo Doegi anakatula nkhaniyo pamaso pa munthu amene mtima wake unali ukuyaka kale ndi nsanje. Tsiku limenelo ansembe 85 anaphedwa, ndipo mudzi wonse wa Nobu unatheratu, akazi, ana, makanda ndi ziweto zomwe. Chikuni choona chimayaka ngati chabodza chomwe mukachiponya pamoto wolakwika. Musanati "n'zoona," dzifunseni kuti mukuuza yani, ndipo mukufuna kuti iyeyo achite nazo chiyani.

Ndiye pali utsi. Amene wakhala pafupi ndi moto wa miseche amachokapo maso ali ofiira, ndipo mbale wake samuonanso bwino. Mawa mukakumana naye uja ankanenedwa, moni wake mumaumva mwina, kuseka kwake mumakumasulira mwina, ngakhale akachita chabwino mumati akubisa kanthu. Apa ndiye miseche yabereka chiweruzo. Yesu pa Mateyu 7 anafunsa kuti tingachotse bwanji kachitsotso m'diso la mbale pamene lathu lomwe silikuona. Enafe chotitseka maso ndi utsi wa nkhani zimene tinamva, osazifufuza.

Ngakhale Davide, munthu wa pamtima pa Mulungu, utsi unamulowa. Akuthawa mwana wake Abisalomu, wotopa ndi wosweka mtima, anakumana ndi Ziba atasenzetsa abulu mikate 200, mphesa zouma, zipatso ndi thumba la vinyo. Ziba anati mbuye wake Mefiboseti watsala ku Yerusalemu akuyembekeza kuti ufumu wa agogo ake Sauli ubwerera kwa iye. Davide sanafunse kawiri. Pompo anapereka chuma chonse cha Mefiboseti kwa Ziba. Werengani 2 Samueli 19 muone mmene Mefiboseti anabwerera kudzachingamira mfumu: wolumala miyendo yonse iwiri, ndevu zosameta, zovala zosachapa kuyambira tsiku limene Davide anachoka. Munthu wodikira kulanda ufumu saoneka choncho. Anati, mtumiki wanga anandinyenga, ndipo anandineneza kwa inu. Davide anangoti agawane mundawo pakati. Nkhani imeneyi imandimvetsa chisoni nthawi zonse, chifukwa amene sankatha kuthamanga kuti akadzifotokozere ndi amene anaweruzidwa iye kulibe. Mpaka lero zimakhala choncho. Amene timamudya miseche nthawi zambiri ndi uja palibe pamalopo.

Ife a mumpingo tili ndi kasonkhezedwe kathukathu, ndipo ndinena mwachikondi. Timati, "Ndikukuuzani kuti muwapempherere." Kenaka timafotokoza zonse, tsiku, malo, dzina la mnzake uja, mpaka zimene ananena apongozi. Pemphero lenilenilo limatenga mphindi imodzi, mwina osachitika n'komwe. Mulungu safuna kuti timufotokozere manyazi a mwana wake kudzera m'makutu a anthu ena. Yakobo 4:11-12 sanatinyengerere: wonenera mbale wake zoipa wadziika pampando wa woweruza, pamene Woweruza ndi mmodzi yekha, wokhoza kupulumutsa ndi kuwononga. Iwe ndiwe yani woweruza mnzako?

Musandimve molakwa. Ngati mwana akuzunzidwa, ngati wina akumenyedwa m'nyumba, ngati ndalama za anthu zikubedwa, kukauza amene angathe kuthandiza si miseche ayi, ndipo kukhala chete pamenepo ndi tchimo lina. Kumeneko n'kuthira madzi. Chimene ndikunena ine ndi kufalitsa nkhani kwa anthu amene sangakonze kalikonse, ongofuna kuwotha.

Tsono lero ikakufikani, simukusowa kukalipira munthu kapena kumulalikira. Ingobwezani chikuni chanu. Funsani modekha kuti, "Mwini wake mwalankhula naye?" Nenani kuti, "Ine za munthu amene palibe sindingayankhirepo." Tchulani chabwino chimodzi chimene mukuchidziwa cha iyeyo, muone mmene lawi limafookera. Uthenga uja ukafika pafoni panu, uthere pomwepo. Ngati mbale wakulakwirani inuyo, Mateyu 18:15 akuti mupite kwa iye, muli awiriwiri. N'zovuta, ndikudziwa, chifukwa ulendo umenewo ukundidikira inenso sabata isanathe, ndipo miyendo ikulemera. Koma ndipita.

Ndipo inu amene mwadzuka dzina lanu lili pamoto, misozi yanu Ambuye aiona. Musabwezere. Yesu, amene ananamiziridwa ndi mboni zonama pamaso pa Kayafa, akudziwa ululu umenewo, ndipo potukwanidwa sanabweze chitukwano, anadzipereka kwa Iye woweruza molungama.

Tipemphere. Atate, ikani mlonda pakamwa pathu ndi pamakutu pathu lero. Chiritsani amene mayina awo tawaipitsa, ndipo amene atinena ife muwadalitse m'nyumba zawo ndi pa ntchito zawo. Tipatseni mphamvu yokagogoda pakhomo pa mbale amene tasemphana naye. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.