Khutu la alamu: zoti muchite lero lomwe

Achemwali, uthenga wanu ndaumva. Ndikuyankha pamawu, kulemba kundichedwetsa. Mwati alamu adzuka khutu lakumanzere lisakumva, likungolira mkati, ndipo mukufunsa za kuyezetsa magazi, eti? Ndiye mvetserani bwino.

Musathiremo mafuta ophikira, musatokosemo ndi kamtengo ka machesi, ndipo za madzi a masamba zimene anena anzawo a kunyanjawo zisiyeni. Kuno ku Senga Bay aliyense khutu likatseka amati mwalowa madzi. Mwina ndi madzidi, kapena phula. Koma pali vuto lina limene khutu lamkati, mmene muli mitsempha yomvera, limasiya kugwira ntchito mwadzidzidzi, pasanathe masiku atatu, kawirikawiri mbali imodzi. Limeneli silidikira.

Yesani izi pompano. Atseke pakamwa achite "mmmm". Mawuwo akamveka kwambiri kukhutu lotsekalo, nthawi zambiri ndi phula kapena madzi. Akathawira kukhutu labwinolo, nyamukani lero, mupite pa chipatala cha boma ku Salima. Akayamba chizungulire chachikulu, kamwa kupotoka, dzanja kufooka, kapena kutentha thupi khosi litauma, musadikire n'komwe minibasi kudzaza, pezani galimoto.

Tengani kabuku kawo ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene amwa kapena kubayidwa posachedwa. Quinine, gentamicin ndi streptomycin amatha kuwononga makutu, ndiye adokotala adziwe.

Tsono za magazi zimene mwafunsazi. Palibe kuyeza magazi kumene kunganene kuti khutu lagontha. Chimene chimatsimikiza ndi makina oyezera kumva, aja amakuveka mahedifoni n'kumakuimbira timawu tosiyanasiyana. Akapeza kuti kumva kwatsika ndi madesibelo (muyezo wa kukula kwa mawu) 30 kapena kuposa pa timawu titatu totsatizana, ndiye vutolo. Ngati makinawo palibe, pemphani kalata yopita ku Lilongwe; ku ABC Hearing Clinic amayeza zimenezi.

Magazi ntchito yake ndi kusaka gwero. Ayezedwe chindoko, chifukwa chimatha kugonthetsa munthu ndipo chimachizika. Musachite nazo manyazi, achemwali, ndi matenda basi. HIV ayezedwenso, malungo ngati thupi likutentha, ndiponso shuga. Shugayu ndikumutsindika chifukwa mankhwala a vutoli, prednisolone, amakweza shuga m'magazi, ndipo alamu paja amadandaula ludzu usiku. Ayezedwe asanayambe kumwa, ndiponso ali mkati momwa.

Pali kuyeza kwina kumene amati full blood count, kowerenga maselo a m'magazi. Ofufuza amayerekeza mitundu iwiri ya maselo oyera, ma neutrophil ndi ma lymphocyte, ndipo aona kuti oyambawo akachuluka kwambiri kuposa anzawo, kuchira kumakonda kuvutirapo. Enanso akufufuza puloteni ya m'khutu lamkati yotchedwa prestin. Zonsezi zikadali za kafukufuku, musakakangane nazo ndi a kulabu.

Chachikulu n'chakuti mankhwala asachedwe chifukwa chodikira zotsatira. Prednisolone amathandiza bwino akayambika m'masabata awiri oyamba, ndipo kufulumira ndiye kwabwino. Koma awalembere adokotala, musakagule nokha. Akamaliza kumwa akayezetsenso kumva, ngakhale atati ayamba kumvako.

Za ulendo wa usipa usiku uno awauze anzawo apite okha. Mukafika pachipatala mundiflashe, ndikuimbirani.