Nyumba ya Zisudzo Imene Inawoloka Mtsinje

[Chithunzi: mapu akale a mzinda wa London]

Moni nonse. Lero tiyeni ku London, pa 28 Disembala 1598. Anthu akadali m'chisangalalo cha Khrisimasi, koma ku Shoreditch gulu la amuna lili kalikiliki kuzula mizati ya nyumba ina yaikulu. Akuwatsogolera ndi kalipentala Peter Street. Mwini malowo, Giles Allen, ali kumudzi, sakudziwa kanthu.

Akuba? Dikirani kaye.

Nyumbayi inkatchedwa The Theatre. Anaimanga mu 1576 James Burbage, kalipentala amene anasanduka wochita zisudzo. Anaiika kunja kwa malire a mzinda mwadala, chifukwa akuluakulu a London ankadana ndi zisudzo. Ankati zimathawitsa anyamata kuntchito ndiponso zimafalitsa mliri. Malowo Burbage anachita lendi ya zaka 21. Nthawiyo itatha mu 1597, chaka chomwenso Burbage anamwalira, Allen anakana kuwonjezera, nkumati nyumbayo tsopano ndi yake. Ana a malemuwo, Cuthbert ndi Richard, anati ayi: dothi ndi lanu bambo, koma matabwa ndi athu. Allen anakasuma kukhoti, koma nyumba sinabwerere.

[Chithunzi: mtsinje wa Thames]

Matabwa aja anawawolotsa Thames, ndipo mu 1599 ku Southwark kunaima nyumba yatsopano, Globe. Ndalama zinali zochepa, choncho ochita zisudzo asanu anasonkha nawo nkukhala eni ake. Mmodzi mwa iwo anali William Shakespeare.

Tsono tilowe mkati. Nyumbayi ndi yozungulira, pakati pake palibe denga, ndipo sewero likuyamba cha m'ma 2 koloko masana chifukwa nyali yake ndi dzuwa. Mukalipira khobidi limodzi, muima pabwalo kutsogolo kwa nsanja, mvula ikagwa ndi yanu. Makhobidi awiri, mukhala pabenchi pansi pa denga. Atatu, mupezanso kakhushoni. Anthu okwana pafupifupi 3,000 ankapanikizana mmenemo, akuswa mtedza, akumwa mowa, wosewera akabowa nkumukuwiza pomwepo. Amene munaonerapo mpira mutaima pagulu, phokosolo mukulidziwa.

Akazi ankabwera kudzaonera, koma pansanja sankakwerapo. Mbali za atsikana ndi mafumukazi ankasewera ndi anyamata amene mawu awo anali asanabesuke. Ine chimandidabwitsa nchakuti anthu ankakhetsa misozi ndithu, chonsecho akudziwa bwino kuti mkazi akufa pansanjayo ndi mnyamata wovala diresi.

[Phokoso la mzinga]

Pa 29 Juni 1613, sewero la Henry VIII lili mkati, anaomba mzinga kuti mfumu ilowe mwaulemu. Moto unatera padenga la udzu. Poyamba anthu anangoti ndi kautsi chabe, maso ali pasewero. Pasanathe ola, Globe yonse inali phulusa, pamodzi ndi matabwa aja anakanganirana ndi Allen. Chaka chotsatira anamanga ina, ulendo uno ya denga la matailosi, ndipo inagwira ntchito mpaka 1642 pamene Nyumba ya Malamulo inatseka nyumba zonse za zisudzo mu London.

Pamoto uja sipanafe munthu. Kalata imene Henry Wotton, kazembe wina wa ku England, analemba patangopita masiku ochepa imangotchula bambo mmodzi amene buluku lake linayaka, nkulizimitsa ndi botolo la mowa.