Shabba: winga wa ku Soweto amene tonse timamukumbukira ndi chigoli chimodzi

[Pa sikirini: bwalo la FNB Stadium litajambulidwa kuchokera m'mwamba]

Abale anga a kuno ku Joni, ndi inu amene mukutionera muli kumudzi, takulandirani. Lero tili ku Nasrec, pa bwalo lija analimanga motengera chipanda. Pano ndi pomwe Siphiwe Tshabalala, amene ambiri amamutchula kuti Shabba, anamwetsa chigoli choyamba cha World Cup ya 2010. Aliyense wokonda mpira amachidziwa chigoli chimenechi, ngakhale ana amene nthawi imeneyo anali kumsana. Koma mutafunsa kuti munthuyu anachokera kuti, anasewera zaka zingati, nanga anathera kuti, ambiri amangokanda m'mutu. Ndiye tiyeni tiyende naye kuyambira pachiyambi.

[Pa sikirini: misewu ya ku Phiri, Soweto]

Tshabalala anabadwa pa 25 Sepitembala 1984 ku Phiri, dera lina la Soweto. Ali mwana anadutsako m'timu ya ana ya Kaizer Chiefs, koma sanakhazikikemo. Njira yake inali yokhotakhota. Anasewera matimu a m'dera lakwawo, kenako Alexandra United, ndipo mu 2004 anapita kutali ndi kwawo, ku Free State Stars, timu ija Kinnah Phiri wathu anaiphunzitsapo. Kumeneko kunalibe makamera ambiri, kunalibenso khamu la masapota ngati la ku Soweto. Kunali kuzizira, maulendo ataliatali a pa basi, ndi ntchito.

Komabe ali komweko, mphunzitsi Ted Dumitru anamuitana ku Bafana Bafana, timu ya dziko la South Africa. Masewero ake oyamba anali mu Januwale 2006 ndi Egypt, ndipo mwezi womwewo anali m'gulu lopita ku Africa Cup of Nations. Ulendo umenewo unali wamanyazi: South Africa inagonja masewero onse atatu, kwa Guinea, Tunisia ndi Zambia, osamwetsa ngakhale chigoli chimodzi. Mnyamata wa zaka 21 anayamba choncho ntchito yotumikira dziko lake.

Mu 2007 Chiefs inamusaina. Timu yomwe anaisiya ali mwana inabwera kudzamutenga.

[Pa sikirini: chithunzi cha bwalo, mivi ikuonetsa mbali ya kumanzere]

Tiime kaye apa, chifukwa pali anthu amene amaganiza kuti winga ndi munthu wongothamanga m'mphepete mwa mzere n'kumadyetsa anzake fumbi. Ntchitoyi ndi yoposa pamenepo. Winga akaima kunja kwenikweni, pafupi ndi mzere, wotseka kumbuyo wa timu ina amakakamizika kumulondola. Akamulondola, pakati pamatseguka mpata, ndipo mpatawo ndi womwe osewera kutsogolo amadyerapo. Ndiye kuti winga wabwino amathandiza timu ngakhale mpira asanaukhudze. Timu yake ikataya mpira, amayeneranso kubwerera kukathandiza mnzake wa kumbuyo. Ndi malo ofuna mapapo.

Masiku ano makochi ambiri amakonda kuika wamanzere kumanja, kuti azilowa m'kati n'kuwombera, monga amachitira Mohamed Salah. Shabba anatchuka ngati winga wachikale, wamanzere wosewera kumanzere. Mphamvu yake, mmene ine ndimaonera, sinali pa kuchenjeretsa anthu atatu anayi motsatizana. Inali pa mwendo wamanzere uja. Makona, mafirikiki, mipira yothira m'bokosi, ndi kuwomba ali patali goloboyi asanakonzeke. Anali wamfupi, wosalemera thupi, tsitsi lake lopota likuuluka kumsana, koma mpira ukachoka pa phazi lake unkalemera.

[Pa sikirini: 11 Juni 2010, South Africa ndi Mexico]

Tsopano tsiku lija. Anthu 84,490 m'bwalo, mavuvuzela ali ngwee. Amene munali kuno mukukumbukira mmene tauni inakhalira, aliyense atavala chikasu, ngakhale ife obwera. Ifenso tinali ndi podzitamira chaka chimenecho, pakuti mu Januwale Flames ya Kinnah Phiri inali itaswa Algeria 3-0 ku Angola, Algeria yomweyo imene inabwera kuno ku World Cup.

Chigawo choyamba mpira unali wa Mexico. Anaugwira, anauzunguza, Carlos Vela anafika pougwedeza ukonde koma oimbira anakana kuti anali ofusayidi. Itumeleng Khune ndiye anaisunga timu pa golo. Anyamata a Carlos Alberto Parreira, mphunzitsi wa Bafana, ankaoneka kuti mantha awagwira miyendo.

Mphindi ya 55, Bafana inalanda mpira m'chigawo chake. Kupatsirana kwachangu pakati, ndiye Kagisho Dikgacoi anaponya mpira wautali wapansi kumanzere. Taonetsetsani bwino apa. Pamene Dikgacoi akukweza mutu, Shabba anali atayamba kale kuthamanga, kumbuyo kwa otseka a Mexico amene anali atakwera kwambiri. Anaukankhira patsogolo, n'kulowa nawo m'bokosi. Malo amene anaima, ambiri akanapatsira mnzawo pakati, chifukwa golo inali itapendekeka. Iye anawomba ndi manzere, mpira n'kukalowa pakona yam'mwamba ya mbali yakutali. Goloboyi wa Mexico Óscar Pérez anadumpha, koma kunali kungokwaniritsa mwambo. Kenako gule uja m'mphepete mwa bwalo, anyamata atandandalika pamzere.

Chigoli chimenechi chinalowa pa mndandanda wopikisana pa mphoto ya Puskás, ya chigoli chokongola kwambiri pa chaka, chaka chimenecho. Koma tisaiwale kuti Bafana sinapambane masewerowo. Rafael Márquez anabweza pa mphindi ya 79, ndipo cha kumapeto Katlego Mphela anawomba mtengo. Anathera 1-1. Ku Pretoria Uruguay inawakwapula 3-0, Diego Forlán akumwetsa ziwiri, Khune n'kuona kadi yofiira. Ku Bloemfontein anagonjetsa France 2-1, ndipo chigoli choyamba, cha Bongani Khumalo, chinachokera pa kona ya Shabba yemweyo. Mapointi anali 4, ofanana ndi a Mexico, koma kusiyana kwa zigoli kunawagwetsa. South Africa inakhala dziko loyamba kuchititsa World Cup n'kutulukira mu ndime yamagulu.

[Pa sikirini: jezi yagolide ndi yakuda, nambala 14]

Apa ndi pomwe nkhani yake imasiyana ndi zomwe ambiri tinkayembekezera. Munthu wamwetsa chigoli dziko lonse likuonera, ali ndi zaka 25. Tonse tinati basi, wapita ku Ulaya ameneyu. Sanapite. Anabwerera ku Naturena, likulu la Chiefs, n'kukhala zaka zina 8.

Ndipo zaka zimenezo ndi zomwe masapota a Amakhosi, dzina lina la Chiefs, amazilira mpaka lero. Atabwera mphunzitsi Stuart Baxter, Chiefs inatenga ligi ya 2012/13 pamodzi ndi Nedbank Cup. Mu 2014/15 inatenganso ligi ndi mapointi 69, kuphatikizapo chikho cha MTN8. Mpira wa Baxter unali wodikirira mdani alakwitse, kenako n'kumuthamangira asanabwerere m'malo mwake, ndipo unkamuyenera Shabba. Willard Katsande ankathyola pakati, Reneilwe Letsholonyane ankagawa, Bernard Parker ali kutsogolo, Khune pa golo akuyambitsa chiwembu ndi mipira yake yaitali. Liwiro litayamba kuchepa, Shabba anayamba kulowerera m'kati, kusewera ndi mutu kuposa miyendo. Zonse pamodzi anavala jezi ya Chiefs zaka 11, masewero oposa 350. Inu a Pirates, ndikudziwa mukuguguda pano, koma nambala sizinama. Ndipo inu a Chiefs musaseke kwambiri: chitengereni ligi ija ya 2015, munadikira mpaka Meyi 2025 kuti mugwirenso chikho chachikulu.

Ku Bafana zinthu sizinakome chimodzimodzi. Mu Okutobala 2011 ku Nelspruit, timu ya Pitso Mosimane inalepherana mphamvu ndi Sierra Leone 0-0, osewera n'kuyamba kuvina poganiza kuti apita ku Africa Cup of Nations. Malamulo anali atawawerenga molakwika. Inapita ndi Niger. Mu 2013 mpikisanowo unachitikira kuno, ndipo Mali inawatulutsa pa mapenate mu ndime ya makotafainolo ku Durban. Shabba anasewerera dziko lake masewero pafupifupi 90, ndipo ndi ochepa kwambiri amene anamuposa, monga Aaron Mokoena wa masewero 107. Koma chikho chachikulu ndi Bafana, ayi.

[Pa sikirini: mapu a Turkey, mzinda wa Erzurum]

Mwayi wa kunja unabwera mu Ogasiti 2018, ali ndi zaka 33. Anasaina ku Erzurumspor, timu yomwe inali itangokwera kumene mu ligi yaikulu ya Turkey, mumzinda wa kumapiri kozizira koopsa. Nthawi zambiri ankayambira pa benchi, ndipo pakutha pa chaka timuyo inatsikanso. Kwa winga, 33 ndi madzulo. Atabwerako anakhala nthawi wopanda timu, kenako mu 2020 analowa AmaZulu ya ku Durban. Timuyo inamaliza pa nambala 2 m'manja mwa Benni McCarthy, koma Shabba sanaoneke kwenikweni m'bwalo.

Ife Amalawi nkhani ya chigoli chimodzi timaidziwa. Mukatchula Gabadinho Mhango kunja kuno, anthu amathamangira chigoli chija anamwetsa Morocco ali kutalitali mu Januwale 2022, n'kuiwala kuti mu 2019/20 anamwetsa 16 mu ligi ali ku Pirates, mofanana ndi Peter Shalulile.

Funso lomwe timakanganirana m'mabala ndi m'masaluni a ku Mayfair ndi Rosettenville ndi lakuti, kodi Shabba analakwitsa kukhala ku Chiefs pambuyo pa 2010? Ine ndikuti akanayesa mwayi ali ndi zaka 25, chifukwa mwendo uja ukanadya kulikonse. Mnzanga amene akugwira kamerayu ndi wa Chiefs, ndipo akupukusa mutu, akuti maligi awiri aja akanawabweretsera ndani. Inu muli mbali iti? Sabata yamawa tibwerera kwathu, tikambe za Fischer Kondowe.