Mafuta onunkhira a Khrisimasi: uthenga kwa amayi a m'gulu lathu

Amayi anzanga, mwaswera bwanji? Pepani phokosolo, ndi ana akuthamangitsa mbuzi pakhomo. Ndati ndijambule mawu, chifukwa kulemba zonsezi zala zingatope.

Za kapangidwe ka mafuta odzola onunkhira aja tinakambirana Lachinayi. Pezani kabotolo kagalasi kakuda, monga kaja ka mankhwala a chifuwa. Katsukeni ndi madzi otentha, kaume mpaka mkati. Dontho limodzi la madzi likatsalamo, mafuta amayamba kununkha chiwisi.

Muthiremo masupuni awiri aakulu a mafuta a malambe, ndiwo mamililita 30. Kuno ku Chigwa malambe sitisowa, koma amene alibe mafuta ake atenge a mpendadzuwa omwe timaphikira, bola akhale atsopano. Kenako madontho a mafuta onunkhira aja a m'timabotolo ting'onoting'ono. Amenewa tumizani munthu amene akukwera ku Blantyre akayang'ane m'mafamase. Onse pamodzi akhale madontho 12 basi: anayi a lubani, anayi a malalanje otsekemera, atatu a chitsamba chonunkhira cha lavender, limodzi la chitsamba china cha rosemary. Limodzi, amayi! Rosemary ndi waukali, mukawonjezera amameza fungo la anzake onse.

Mwina mukuti, bwanji zimenezi? Lubani mukumudziwa, ali pa Mateyu 2:11, pamene anzeru a kum'mawa anapereka golide, lubani ndi mure. Mure ndamusiya dala, ndi wokwera mtengo ndipo ndi wonata, amachedwa kudontha. Za lavender ndi rosemary si za m'Baibulo ayi, musakanene kuti ndakuphunzitsani vesi. Ndi nthano za Akhristu akale a ku Ulaya. Amati pothawira ku Ejipito, Maria anayanika chofunda chake chabuluu pa chitsamba cha rosemary, maluwa amene anali oyera n'kusanduka abuluu. Za lavender amati anayanikapo tizovala ta khanda Yesu, fungo lija n'kutsalira pa chitsambacho. Ine imeneyi ndimaikonda, chifukwa ndani mwa ife sanayanikepo thewera pa chitsamba kapena pa mpanda wa bango? Malalanje alibe nthano, ndangowaika kuti fungo lisakhale la maliro.

Wina anafunsa ngati duwa la magalagadeya nalonso lili ndi nthano yake. Inde, amishoni a ku Spain atalipeza ku South America anaonamo chisoti chaminga, misomali itatu ndi mabala asanu. Koma limenelo tilisungire nyengo ya Pasaka.

Mukathira, tsekani, mupukuse kabotoloko pakati pa zikhatho, kagone masiku awiri kuti fungo ligwirizane. Matani kapepala, mulembe tsiku.

Tsono kusunga. Kutentha kwa ku Nchalo, ku Ngabu, mpaka ku Bangula mukukudziwa, malata amachita kulira masana. Musaike pawindo kapena pamwamba pa kabati pafupi ndi denga. Ikani pansi, m'mbali mwa mtsuko wa madzi akumwa, pamene pamakhala pozizira. Ana asafikepo.

Musanadzole, pakani pang'ono mkati mwa mkono, mudikire tsiku lathunthu. Pakayabwa kapena kutuluka totupa, siyani. Pakakhala bwino, pakani pang'ono pakhosi ndi pamikono popita ku mapemphero a usiku wa pa 24. Si akumwa, si opaka m'maso, si odzoza makanda. Amayi oyembekezera komanso amene amadwala khunyu, rosemary muchotsemo. Ndipo musati popeza mukununkhira ndiye udzudzu uthawa, mvula yayambayi gonanibe mu neti.

Amene ndalama yavuta, yanikani makoko a malalanje mpaka aume gwa, muwaviike m'mafuta milungu iwiri, musefe ndi kansalu koyera. Fungo lake ndi lofatsa, koma lilipo.

Loweruka tikumane kwa amayi apampando 2 koloko, aliyense abwere ndi kabotolo kake kotsuka kale. Foni yanga yatsala pang'ono kuzima, tionana.